Zimbale zitatu za DVD zikukana pa laputopu: kodi wolakwa ndi VLC?

Funso: Ndimakhala ku Ulongué, m'boma la Angónia. Mwana wanga anandisiyira laputopu ya Windows 10 ndipo anaikamo VLC kuti ndizionera ma DVD. Chimbale cha ukwati wa mwana wanga wamkazi chimayamba bwinobwino, koma chikafika pa perekaniperekani chimaima. Filimu imene mng'ono wanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg siyamba n'komwe, kompyuta ikungoti ndisinthe rijoni. Chimbale cha kwaya chimene ndinagula ku Dedza mawu akumveka koma chithunzi n'chakuda bii. VLC ndaichotsa n'kuikanso, ma mega angothera pomwepo, palibe chasintha. Ndichite bwanji?

Yankho: Zikomo bambo polemba. Ma mega otsalawo asungeni, VLC musaichotsenso. Zimbale zanu zitatuzi chilichonse chili ndi vuto lakelake, ndipo chimene chingatheke ndi kusintha zinthu mu VLC ndi cha kwaya chokha. Kuti DVD ioneke pa kompyuta pamafunika zinthu zitatu zimvane: chimbale, dirayivi imene imachizunguza n'kuchiwerenga, ndi pulogalamu imene imasandutsa zowerengedwazo kukhala chithunzi ndi mawu. Anthu amathamangira kuimba mlandu pulogalamu poti ndi imene amaiona pa sikirini, koma malaputopu ambiri amene amafika pa tebulo langa kuno ku Moatize ndi dandaulo ngati lanuli, vuto limapezeka pa chimbale kapena pa dirayivi.

Mwana wanu anachita bwino kukuikirani VLC. Windows 7 ya m'makompyuta ambiri inkaonetsa DVD payokha, koma kuyambira pa Windows 8 mu 2012 kampani ya Microsoft inachotsamo mbali imeneyo, ndipo pa Windows 10 ndi 11 pulogalamu yawo yoonetsera DVD ndi yogula. VLC ndi yaulere. Inayamba mu 1996 ngati ntchito ya ophunzira a pa École Centrale Paris ku France, inatsegulidwa kwa aliyense mu 2001, ndipo imasamalidwa ndi bungwe la VideoLAN. Zonse zofunika powerenga DVD imabwera nazo m'kati mwake, choncho wina akakuuzani kuti muwonjezere timapulogalamu tina totchedwa ma codec pack, mukaneni. Tsiku lina mukadzafunadi yatsopano, mudzaitenge pa videolan.org pokha. Ndi ya ma mega pafupifupi 40.

Tiyambe ndi cha ukwati, chifukwa filimu ndi kwaya mungathe kugula zina, koma ukwati wa mwana sajambula kawiri. Chionetseninso maso ali pa manambala a nthawi amene ali m'munsi mwa VLC chakumanzere, ndipo mulembe mphindi imene chaimira. Kenaka yambitsaninso. Chikaima pa mphindi yomweyomweyo, vuto lili pa chimbale. Chikamaima apa lero, mawa pena, kayikirani dirayivi kapena kompyuta. Ngati mnansi ali ndi deki yoonetsera pa TV, kachiyeseni kumeneko, mudzakhala mwadziwa zambiri osawononga metikali ndi imodzi yomwe.

Mmene mwafotokozeramu ine ndikuloza chimbale. DVD imawerengedwa kuyambira pakati, pafupi ndi kabowo, kupita kunja. Ku tchalitchi ndi malumbiro zili m'kati motetezeka, pamene perekaniperekani, amene amabwera dzuwa litapendeka, wagwera chakumphepete. Kumphepeteko ndi kumene zala zimagwira, ndi kumene chimbale chimakhuzika pochiika pa tebulo, komanso zimbale zotchipa zimabeneka mosalongosoka kumeneko. Chimbale wamba chimanyamula 4.7 GB. Chikakhala cha magawo awiri osanjikizana, cha 8.5 GB, malo ovuta amakhala chapakati pa kanema, pamene leza, kuwala kumene dirayivi imawerengera chimbale, imachoka pa gawo loyamba kupita pa lachiwiri.

Chitembenuzeni muchione kunsi pa kuwala. Chikakhala cha mtundu wa pepo, ndi DVD-R kapena DVD+R, chobena pa kompyuta, ndipo kanemayo analembedwa pa utoto wopyapyala umene leza inauwotcha timadontho. Utoto umenewu sugwirizana ndi dzuwa ndi kutentha. Kuno kumunsi, ku Tete ndi ku Moatize, kumatentha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo chimbale chosiyidwa pa dashibodi ya minibasi ya chapa kapena pawindo chimafa osakalika pena paliponse. Kwanu ku Angónia n'kozizira, koma dzuwa la pawindo ndi lomweli, fumbi la m'chilimwe ndiye osanena. Zimbale za kufakitale, zasiliva kunsi, n'zodinda osati zowotcha, n'chifukwa chake zimapirira.

Mukaona zokalika, onetsetsani kumene zalowera. Mzere wochoka pakati kupita kumphepete si woopsa kwenikweni, chifukwa umangodula pang'ono pa mzere uliwonse wa kanema ndipo DVD ili ndi njira yodzazira pamene pasowa. Woopsa ndi wozungulira, wotsata njira imene leza imayenda, poti umafafaniza zambiri zotsatizana. Apa ndi pamene anthu amaonongera zimbale zawo ndi manja awo, kuchipukuta mozunguliza pa malaya kapena pa chitenje chafumbi. Inu chitsukeni ndi madzi oyera ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, muchitsukuluze, kenaka muchipukute ndi kansalu kofewa kuchoka pa kabowo kupita kunja, mzere ndi mzere, chiume kaye musanachilowetse. Petulo, thina ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo zimadya pulasitiki. Za mankhwala otsukira mano zimene achinyamata amakonda, ine sindizivomereza pa chimbale chimene muli nacho chimodzi chokha. Onaninso pamwamba. Ojambula ena amamata pepala la chithunzi cha akwati, ndipo pepalalo likayamba kumatuka ndi kutentha chimbale chimapendama pozungulira, dirayivi n'kumalira ngati ikufuna kuuluka. Onaninso pa kabowo ngati pali mng'alu. DVD ndi mapulasitiki awiri a mamilimita 0.6 omatidwa pamodzi, ndipo akayamba kulekana palibe mmisiri angawabwezere.

Mukachitsuka musathamangire kuonera, thamangirani kukopa. Tsegulani This PC, imene pa Windows ya Chipwitikizi imalembedwa Este PC, dinani dirayivi ya DVD ndi batani la kumanja la mausi, musankhe kutsegula osati kuonetsa. Mupeza foda yotchedwa VIDEO_TS. M'menemo muli mafayilo a mitundu itatu. A VOB ndiwo kanema weniweniyo, odulidwa m'zigawo zosapitirira 1 GB, ndipo mayina ake amayenda motere: VTS_01_1.VOB, VTS_01_2.VOB, mpaka kumapeto. A IFO ndi amene amauza makina dongosolo la zigawozo ndi menyu, ndipo a BUP ndi makope a IFO osungira pangozi. Pangani foda pa laputopu, muzikopera fayilo imodziimodzi, osati zonse pakamodzi. Mukatero fayilo yodwala idzadziulula yokha. Idzakakamira panjira, Windows n'kutulutsa uthenga wonena za cyclic redundancy check, kapena redundância cíclica pa Chipwitikizi, koma zinzake zonse mudzakhala mwazipulumutsa. Fayilo ya VOB iliyonse imaonetsa payokha mukaikokera mu VLC.

Yokakamirayo musaitaye mtima msanga. Madirayivi sawerenga mofanana, ndipo dirayivi yaikulu ya kompyuta ya pa desiki nthawi zambiri imadutsa pamene kopyapyala ka mu laputopu kagonja. Mmisiri wodziwa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya GNU ddrescue. Iyoyo sikakamira pamalo ovuta. Imadumpha, kutenga zonse zowerengeka, kenaka n'kubwerera kukayesa pamene panakana, ndipo imalemba pamene yafika moti mungathe kupitiriza pa dirayivi ina. Mwina mungataye masekondi ochepa a perekaniperekani, ena onse n'kutsala. Koma musanavutike choncho, kafunseni amene anajambula ukwatiwo ngati kanemayo akadali pa kompyuta yake, akuikireni pa fulashi. Fulashi ya 8 GB ikwana chimbale wamba. Dziwani chabe kuti mafulashi ambiri amabwera ndi njira yosungira mafayilo yotchedwa FAT32, imene silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, choncho mafayilo a VOB alowa bwino koma chimbale chonse chikasandutsidwa fayilo imodzi ya ISO chingakane. Akati akubenereni china, abene pa liwiro lochepa, 4x kapena 8x, osati 16x.

Chenjezo limodzi kwa ena amene ali ndi zimbale za maukwati, za maliro kapena za zinamwali. Chimbale chojambulidwa pa kamera ya DVD kapena pa deki yojambula chimayenera kutsekedwa ndi makina omwewo chikatha. Chikapanda kutsekedwa, Windows imachiona ngati chopanda kanthu n'kukufunsani ngati mukufuna kuchikonza kuti muikemo zinthu. Musavomere, makamaka chikakhala cha DVD-RW chimene chimafufutika. Chitulutseni, chibwerere kwa wojambula akachitseke.

Tsopano ngati mayeso a mphindi aja aonetsa kuti chimaima malo osiyanasiyana, tiyang'ane dirayivi. Mvetserani mukangolowetsa chimbale. Yabwino imazungulira, kuthamanga, n'kukhazikika. Yotopa imayamba, kuima, kugogoda, kuyambanso, kenaka zii. Musanyengedwe poona kuti CD ya nyimbo ikuimba bwino, chifukwa m'katimo muli ma leza awiri, ya CD ndi ya DVD, ndipo imodzi ingathe kufa inzake ili moyo. Leza ya DVD ikamatopa imayamba kukana zimbale zobena, poti sizibweza kuwala kwambiri, za kufakitale n'kumawerengabe, monga diso la agogo limene likuonabe zilembo za pachikuto cha Baibulo koma mavesi ayi. Pa laputopu kadiso kagalasi kamaonekera mukatulutsa thireyi. Zimitsani laputopu, mukapukute mopepuka ndi kathonje ka pa kamtengo konyowetsa pang'ono ndi sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol, osakanikiza chifukwa kamalendewera pa timawaya tosachedwa kupindika. Zikakanikabe, dirayivi yakunja yolumikiza pa USB ndiyo yankho. Nayonso ili ndi khalidwe lake. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA basi, ndipo madirayivi ena samakhuta nazo, n'chifukwa chake amabwera ndi chingwe cha mitu iwiri. Lowetsani mitu yonse, kapena gwiritsani ntchito doko la USB 3.0, limene nthawi zambiri limakhala labuluu m'kati ndipo limapereka 900 mA. Ngati mumatchaja pa sola, yesani laputopu ili pa chaja, chifukwa batire likachepa Windows imachepetsa mphamvu ndipo kanema amayamba kudukaduka.

Za filimu ya ku Johannesburg, apa ndiye musadine chilichonse mopupuluma. Makampani a mafilimu anagawa dziko lapansi m'marijoni. United States ndi Canada ndi 1. Ulaya, Japan ndi South Africa ndi 2. Brazil ndi Australia ndi 4, China ndi 6. Ife a Mozambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe tili mu 5 limodzi ndi India ndi Russia. Ndiye taonani tsoka lathu: zimbale za kufakitale zimene zimafika kuno zambiri zimachokera ku South Africa kapena ku Portugal, konseko ndi 2, pamene ife anatilemba 5. Yang'anani kumbuyo kwa chikuto cha filimuyo, mupeza kachithunzi ka dziko lapansi kali ndi nambala pakati.

Rijoni imasungidwa mu dirayivi mwenimweni, osati mu Windows, ndipo madirayivi opangidwa kuyambira cha mu 2000 amalola kuisintha kasanu kokha. Mwayi womaliza ukatha imatsekeka pa nambala imene mwasiyapo, ngakhale muikenso Windows kapena muisamutsire pa kompyuta ina. Amene amasinthasintha malinga ndi chimbale cha tsikulo amadzazindikira mochedwa. Kuti muone mwayi umene watsala, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani devmgmt.msc, pezani dirayivi ya DVD, muidine kawiri, mupite pa tsamba la rijoni. Onani chabe, musasinthe.

Uthenga umene mukuuonawo kawirikawiri sutuluka mu VLC. Umachokera ku Windows kapena pulogalamu ina imene imadzitsegukira chimbale chikangolowa. Utsekeni, tsegulani VLC nokha, dinani Ctrl ndi D, musankhe DVD ndi dirayivi yanu, muyambitse. VLC ya pa Windows ili ndi kachigawo kotchedwa libdvdcss kamene kamamasula loko wa zimbale za kufakitale popanda kulabadira rijoni. Ulendo woyamba kangatenge mphindi imodzi kapena kuposerapo sikirini ili duu, ndipo ambiri amatseka pamenepo poganiza kuti yafa. Dikirani. Makiyi kakawapeza kamawasunga, ulendo wachiwiri sikachedwa. 

Alipo madirayivi ena a m'malaputopu amene amakaniratu kupereka chilichonse rijoni ikasiyana, ndipo pamenepo VLC ilibe chochita. Yanu ikakhala yotero, ganizani kamodzi. Sonkhanitsani zimbale zonse za m'nyumba zimene zili ndi kachithunzi ka dziko kaja. Ngati pafupifupi zonse ndi 2, ikani 2 ndipo musadzagwirenso. Musaope kuti za ukwati ndi za kwaya zisiya kuonetsa, chifukwa zimbale zobena kuno kwathu sizikhala ndi loko wa rijoni. Za PAL ndi NTSC, mitundu iwiri ya kanema wa pa TV, zimene mungamve kwa ogulitsa ma deki, pa kompyuta sizivuta, VLC imawerenga zonse.

Filimu ikatseguka koma n'kumangozungulira pa menyu kapena kuonetsa zidutswa zosokonekera, dziwani kuti zimbale zina za kufakitale amaziikamo dala mitu yambiri yabodza pofuna kusokoneza okopa. Pitani pa Playback kenaka Title, musankhe mutu umene kutalika kwake kukufanana ndi kumene kwalembedwa pachikuto.

Cha kwaya ya ku Dedza n'chimene chandiganizitsa. Laputopu yomweyo ndi VLC yomweyo zikuonetsa chithunzi cha ukwati, ndiye sitinganene kuti VLC siitha kutulutsa chithunzi. Ndikuganiza ziwiri. Choyamba, mwina mwakodwa pa menyu. Obena ambiri amapanga menyu ndi timapulogalamu tosalongosoka, moti deki imaionetsa koma VLC imangoimba kanyimbo ka menyu sikirini ili yakuda. Mvetserani ngati ndi kachidutswa kamodzi kamene kakubwerezabwereza. Ngati ndi choncho, dinani Ctrl ndi D, muchonge kabokosi kolembedwa No disc menus, muyambitse, VLC ilowera pa kanema osadzera pa menyu. Ngati VLC yanu ili m'Chipwitikizi, mabatani a pa kiyibodi amene ndikutchulawa ndi omwewo, ndipo chinenero cha mamenyu mungachisinthe podina Ctrl ndi P, pa tsamba loyamba.

Chachiwiri, mwina chimbalecho si DVD ya kanema n'komwe. Chitseguleni mu Este PC monga tinachitira ndi cha ukwati. Mukapeza mafayilo a MP4, AVI kapena MKV m'malo mwa VIDEO_TS, ndiye kuti wobenayo anangothiramo mafayilo monga amachitira pa fulashi, ndipo zoterezi n'zambiri m'misika ya m'malire ngati pa Calómuè ndi Zóbuè. Mukapeza foda ya MPEGAV yokhala ndi mafayilo a DAT, imeneyo ndi VCD. Zonsezi mumangokokera fayilo mu VLC. Fayilo ya MP4 ikamatulutsabe mawu okha, kapena chithunzi chobiriwira, VLC ikupatsira ntchito yomasula kanema ku kachipangizo ka zithunzi ka laputopu, ndipo m'malaputopu akale kachipangizoko kamalephera mwakachetechete. Dinani Ctrl ndi P, pitani pa Input / Codecs, pa mzere wa Hardware-accelerated decoding musankhe Disable, musunge, mutseke VLC n'kuitsegulanso. Osaiwala kutseka ndi kutsegulako. Zikapanda kusintha, bwererani, pitani pa Video, pa Output muyese Direct3D9, ikakana muyese OpenGL. Muzisintha chinthu chimodzi n'kuyesa, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Pa tsamba lomwelo la Ctrl ndi P, m'munsi, pali batani la Reset Preferences. Limeneli ndi limene munkalifuna pamene munkachotsa VLC. Zimene munthu wasintha mu VLC zimasungidwa pa foda ina, ndipo pochotsa pulogalamu zimatsala pokhapokha mutachonga kuti zifufutidwe, choncho VLC yatsopano imangotolanso zosokonekera zakale.

Zithunzi zikabwera mungakumane ndi tina ting'onoting'ono. Oimba akamavina m'mphepete mwa matupi awo n'kumaoneka timizere ngati mano a chipeso, dinani D. Anthu akaoneka onenepa kapena otalika mopitirira, dinani A mpaka aoneke bwino. B amasintha chinenero cha mawu ngati chimbale chili ndi zingapo, V amasintha mawu olembedwa m'munsi, choncho pa filimu ya mng'ono wanuyo yesani, mwina muli Chipwitikizi. Milomo ikamatsogola kapena kutsalira, J ndi K amasuntha mawu ndi mamilisekondi 50 pa kudina kulikonse. Mafilimu a kufakitale ambiri mawu ake anawakonzera masipika 6, a Dolby Digital 5.1, ndipo zolankhula zimakhala pa sipika ya pakati. Pa timasipika tiwiri ta laputopu mfuti ndi nyimbo zimaphulika koma anthu akamayankhula kumangomveka manong'onong'o. Dinani B muone ngati pali mawu a sitiriyo. Ngati palibe, dinani Ctrl ndi E, pa Audio Effects muyatse Compressor.

Mukayesa zonsezi chimbale china n'kukanabe, tsegulani VLC, dinani Ctrl ndi M, pa Verbosity muike 2, musiye windo limenelo lotsegula, kenaka muyambitse chimbalecho. Mudzaona mizere yambiri ikutsika. Jambulani ndi foni imene ili ndi mawu akuti dvdread, dvdnav kapena dvdcss, munditumizire pamodzi ndi dzina la dirayivi monga lalembedwera mu devmgmt.msc, mtundu wa kunsi kwa chimbale, ndi mphindi imene chaimira.